Chaka Chimene Mazira Ankachuluka Okha

Anthu akamakamba za chaka chija amayamba ndi mvula, kuti inabwera yokokolola kenako n'kudula ngati wina watseka mpopi. Ine ndimayamba ndi nkhuku. Musaseke. Ndinali ndi thadzi limodzi lokha, la khosi lopanda nthenga, mtundu uja timati kameta, ndipo dzina lake linali lomwelo, Kameta. Chaka chonsecho nkhawa yanga inali yakuti Kameta akhale moyo, andiswere anapiye, ndiyambirenso khola. Mmene zinathera, mpaka lero ndikaganiza mutu umaima.

Ndine amake Tadala, wothyola tiyi. Timakhala kulayini, nyumba za esiteti zogundana khoma, moti mnzako akayetsemula kwake iwe umati pepani uli kwako.

Novembala

Chitopa chinali chitadutsa mulayini nthawi ya dzuwa. Nkhuku zinkangopinda khosi, kuzungulira, n'kugwa. Tinadya nkhuku mpaka ana kumaikana, osadziwa kuti tikutsanzikana ndi nyama. Mulayini monse munatsala zitatu: Kameta wanga, tambala wa akapitawo, ndi kamsoti kofiira kamene aneba atsopano anabwera nako m'manja.

Aneba amenewa anali amake Edina, a ku Thekerani, a mpingo wa Sabata. Anabwera ngati a sizoni, aja amalembedwa tiyi akachuluka n'kuchotsedwa akachepa. Anali ndi ana atatu. Amuna awo anawoloka kupita ku Mozambiki kuti akasake chimanga, ndipo kusakako kunalibe tsiku lobwerera. Mayi wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Ine wa pakamwa ngati ine ndinawakonda msanga, poti ankandisiya ndilankhule.

Tinadzala kamunda kathu ka kwa Nchilamwela, kotsetsereka moti dzungu likapulumuka umakalitola kumtsinje. Mvula inabwera n'kutenga mizere, mbewu, ndi feteleza yemwe. Tinadzalanso. Chimanga chitangofika m'mawondo, kumwamba kunayera mbee.

Januwale

Njala ya pa esiteti ndi yosokoneza, abale. Maso akuona zobiriwira kuyambira pakhomo mpaka kuphiri, koma tiyi sungamutendere. Ndalama ya fotinaiti, malipiro a masabata awiri, ukailandira, pofika nayo kumsika chigoba cha chimanga chakwera kale. M'mawa mtengo wina, madzulo wina, ndipo wogulitsayo akukuyang'ana ngati wabwera kudzamusokoneza. Tinabwerera ku makaka ndi kalongonda, wophika tsiku lonse ndi kutaya madzi kambirimbiri kuti asakuledzeretse. Nthochi zimene zinkatipulumutsa kale zinali zitatha ndi matenda a chisaka.

Mphekesera ndiye zinali zambiri kuposa ufa. Ena akuti chimanga chaulere chikubwera Lachisanu. Ena akuti chabwera kale, chapita kwa Changata. Tikapita kumudzi akuti inu ndi apantchito, mumalandira. Tikafunsa ku esiteti akuti zimenezo n'za kumudzi kwanu. Tinali anthu opanda kwawo. Chakudya cha masana chimene ankatipatsa kumunda wa tiyi, azimayi tinkadya theka, theka n'kukulunga m'jumbo kupititsira ana.

Kameta anaikira mwezi umenewo, ndipo dzira lililonse tinadya likadali lofunda. Atamaliza anakakhala m'chisa, m'kakhitchini kathu ka kuseri, akufungatira chitsononkho. Ukamuyandikira akufufuma, akukalipa.

Amuna anga, abambo ake Tadala, ndi mlonda wa kufakitale. Amagwira usiku, masana amagona. Tsiku lina anadzuka n'kuima pakhomo la kakhitchini.

"Amake Tadala, nkhuku yokhalira siikira. Ikungoonda apa. Tikaisinthitse ndi chigoba cha chimanga isanasanduke nthenga zokhazokha."

"Ndiye chigobacho chikatha?"

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi. Wa pachala ngwa mphepo."

"Miyambi yanuyo mukaphikire ana. Mbewu sadya. Mukaigwira nkhuku imeneyi mundiuziretu kumene ndikagone."

Anapukusa mutu n'kubwerera kukagona.

Febuluwale

Kufupi ndi mishoni kunali mayi wina, nesi wopuma ntchito, amene ankaweta nkhuku zakuda za Mikolongwe, zazikulu, zoikira kwambiri. Ndinatenga chitenje changa cha kutchalitchi, chimene ndinali nditangovala kawiri, n'kukasinthitsa ndi mazira eyiti. Ndinayenda nawo ngati ndanyamula madzi m'manja.

Ndinachita zonse mmene mayi anga ankachitira. Dzira lililonse ndinalilemba mtanda ndi khala. Khala lina ndinaika pansi pa chisa kuti mabingu asaononge mazira, ndi masamba a fodya othamangitsa utitiri. Kameta anawakokera pansi pake ndi mlomo, n'kukhala phee. Chitseko cha kakhitchini ndinkachimanga ndi waya. Masabata atatu basi, ndinadziuza choncho.

Lamulungu loyamba, Kameta atatsika kukamwa madzi, ndinasuzumira m'chisa. Ndinawerenga. Ndinawerenganso ndi chala. Leveni. Eyiti a mtanda, atatu oyera opanda chizindikiro, ocheperako.

Ndinakadzutsa bambo. "Mwaika mazira m'chisa?"

"Ine? Ndikanakhala ndi dzira bwenzi lili m'mimba. Waikira Kameta yemweyo."

"Munaiona kuti nkhuku yoikira ili pa mazira? Atatu pa kamodzi?"

"Ndiye ndi mana ochokera kumwamba. Bweretsani tiwiritse."

Asa! Dzira losadziwika kumene lachokera, kudyetsa mwana wanga? Ndinakana. Koma kuwachotsa ndinkaopanso. Chinthu chimene wina wakuikira mwakabisira suchigwira ndi dzanja wamba.

Ndinaganizira kamsoti ka aneba. Koma nkhuku imamasula waya n'kumanganso potuluka? Komanso amake Edina ankadandaula tsiku ndi tsiku, mokweza, ana awo akumva: "Kankhuku aka sikakuikira. Njala yafika ndi ku nkhuku zomwe." Ndiye ndinapita kwa iwo omwewo kukafunsa nzeru.

"Aneba, kwanga kwachitika malodza. Mazira akuberekana."

Anali akusankha nandolo wofumbwa. Sanadzutse mutu. "Angati?"

"Atatu. Ndiwataye?"

"Ayi! Ayi, musataye." Kenako anatsitsa mawu. "Mwina ndi madalitso, amake Tadala. Madalitso sataya."

Ndinabwerako mutu utazungulira kuposa poyamba. Nkhani inayenda mulayini monse ngati moto wa mu udzu. Kumunda, dengu lili kumsana, aliyense anali dokotala. Wina akuti ilipo njoka imene imasamutsa mazira. Wina akuti ndi anthu okawa, aja amakoka za anzawo ndi mankhwala, ayamba n'kukuikira kuti adzatenge zonse. Pa sikelo mayi wina anandinong'oneza kuti ndisiye, anthu ayamba kunena kuti wokawayo ndine, nanga bwanji thadzi langa lokha linapulumuka chitopa. Iii, ndinapsa mtima. Ine wogona ndi kalongonda m'mimba, lero ndasanduka wamankhwala?

Lamulungu lachiwiri ndinapeza fotini.

Ndinakhala pansi pa dothi pomwepo. Kameta ndi nkhuku yaing'ono. Anabwerera m'chisa, akutambasula mapiko, akuzungulira, kukoka ili, lija latuluka. Mazira ena ankaonekera m'mbali. Ndinawakhudza ndi kuseri kwa chala, a mtanda anga omwe: ozizirira. Ndinkadziwa kuti mazira akachuluka onse amatha kuonongeka, poti nkhuku imawasinthasintha, lozizira lero mawa lili pakati, lofunda latuluka. Kudziwa ndinkadziwa. Koma manja anakana. Ndichotse, ndikuopa. Ndisiye, ndikuopa. Ndinangowonjezera udzu m'mbali n'kumanga waya kawiri.

Sabata imeneyo amake Edina anatenga kamsoti kawo kupita nako kumsika, n'kubwera ndi madeya m'kathumba. Mazira sanachulukenso. Ine osalumikiza ngakhale pang'ono. Njala imatseka nzeru.

Malichi

Anayamba kugogomola Lachisanu. Pofika Lamulungu masana pansi pa Kameta panali anapiye asanu akuda bii, onenepa ngati timipira. Atatu a mtanda anali atasukusa. Ukawagwedeza akumveka madzi. Atatu! Chitenje changa!

Kameta anayamba kuimirira, akuitana ana ake kuti atuluke. Nkhuku ikaona anapiye sidikiranso zotsala. M'chisa munatsala mazira achilendo aja sikisi. Mkwiyo unandipatsa mphamvu imene mantha anandilanda. Ndinawakokolera m'mbale ndi chikombe n'kulunjika kuchimbudzi.

"Amake Tadala! Musataye!"

Amake Edina anali ataima pakhonde pawo, manja ali pamutu.

"Madalitso anu aja andiphera mazira atatu. Lero akalowa m'dzenje."

"Ndi anga."

Ndinaima. "Mwati bwanji?"

"Ndi anga. Ndinkaika ndine. Loweruka, nonse mukapita kothyola, bambo atagona."

Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo, zina sindingazibwereze. Ndinawakumbutsa kuti ndinabwera kwa iwo ndi mantha anga, iwo n'kundiuza za madalitso. Ndinawakumbutsa kuti anthu anditcha wokawa iwo ali chete. Ndinati, "Ndiye Sabata lanulo mumalisunga pomasula mawaya a eni?" Mawu amenewo anawalasa, ndinaona.

Anayankha akuyang'ana pansi. "Kamsoti kanga kankaikira. Ndinkabisa mazira m'thumba la zovala, ana ndikuwauza kuti sikakuikira. Edina ankapita kukafufuza kuseri, ine ndikumuona. Ndinkadziwa kuti nkhukuyo ndigulitsa. Ndinati ikapita, katsale kambewu. Ndinati nkhuku siwerenga."

"Nanga pakamwa munalibe? Osandipempha bwanji?"

"Mukanalola?"

Sindikanalola. Tonse awiri tinkadziwa.

Anatenga dzira limodzi m'mbalemo n'kundiika pakhutu. Poyamba sindinamve kanthu. Kenako, kutali, ngati munthu akugogoda ndi chikhadabo: tho, tho, tho.

Mayo ine. Ndikanakonda ndikanapanda kumva.

Vuto linali lakuti mazirawo sanalowe tsiku limodzi. Atatu oyamba anatsala pang'ono, atatu enawo ankafunika sabata ina ndi masiku. Njira inali imodzi: kumulanda Kameta anapiye ake kuti aone ngati sanaswe, apitirize kukhalira. Koma Kameta anali atatha. Chifuwa chinali fupa lokhalokha, lipombo litayera. Kumukhazikanso kunali kumuika pakamwa pa imfa, nkhuku yanga imodzi yomweyo, chifukwa cha mazira a munthu amene wandinamiza.

Bambo anatuluka, atamva zonse. Ndinkayembekeza kuti anena za kuwiritsa. Anatenga dzira lija, kuliika pakhutu, n'kukhala nalo nthawi yaitali.

"Bwezerani m'chisa asanazizire," anatero. "Tianapiyeto ndipatseni."

Ndinabwezera. Musandifunse chifukwa. Ndinali ndikutukwanabe pobwezerapo.

Anapiye asanu tinawaika m'dengu lakale lothyolera tiyi, ndi sanza, ndi botolo la madzi ofunda. Masana ine ndili kumunda, mlonda wa fakitale, bambo wa ndevu zake, ankagona ndi dengu pambali, kudzuka kusintha madzi, kuwafulira chiswe, kuwaitana ndi chala pa mphasa ngati mlomo wa make. Anzake ankamuseka kuti walembedwa unamwino. Amake Edina ankabwera madzulo alionse ndi theka la theka lija la chakudya cha kumunda, n'kumamudyetsa Kameta m'chisa momwemo. Sitinkalankhulana. Iwo mbali iyi, ine mbali iyo, tonse maso pa nkhuku.

Mwa atatu oyamba Kameta anaswa awiri, tinawachotsanso, aneba n'kuwasunga pachifuwa ndi m'kabokosi. Masiku otsiriza Kameta ankatseka maso, mutu ukugwa. M'mawa uliwonse ndinkamasula waya ndikuopa kumupeza atafa. Potsiriza anaswa ena awiri. Tinamubwezera awiri aja, ofiirira ngati anzawo, anawalandira. Anatsika m'chisa akudzandira ngati woledzera, koma wamoyo. Ndinalira, ndisaname.

Ndiye ndinabweretsa anga asanu, akuda, atakula kale timapiko. Ndinawaika patsogolo pake. "Kameta, ana ako awa."

Anawayang'ana ndi diso limodzi. Anajompha woyamba pamutu mpaka kugwa chagada. Wachiwiri anamuthamangitsa mpaka pakhomo. Tinayesa madzulo, tinayesa mawa lake. Ayi ndithu. Anapiye anga anathawira kumapazi a bambo, Kameta n'kumayenda monyada ndi ana anayi a amake Edina.

Tandiuzani inu. Nkhuku yanga, ana a eni. Ana anga, mayi wawo ndi mlonda.

Epulo

Dzuwa lija linachepetsa tiyi, ndipo a sizoni anawachotsa msanga. Amake Edina anauzidwa kuti atule nyumba.

Mulayini munabukanso mlandu: anapiye anayi aja ndi a yani? Ena akuti a mwini nkhuku, poti ndiye inavutika. Ena akuti a mwini mazira. Akapitawo anati, "Tiyi ndi wa mwini munda, wothyola amangolandira za makilo ake." Bambo anawafunsa kuti pamenepa munda ndi uti, dzira kapena nkhuku? Akapitawo anakanda mutu n'kunena kuti pajatu tambala ndi wawo. Tinaseka, mlandu n'kutsala pomwepo.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, kunja kuli nkhungu ndi kamphepo kozizira, amake Edina anati odi pakhomo panga. Katundu wawo yense anali mtolo umodzi ndi ndowa. Ana atatu aja ataima kumbuyo, miyendo ngati bango.

"Ndabwera kudzatsanzika. Anapiye aja atsale. Popanda make safika ngakhale pa msewu, kuzizira kuno. Atengeni, alowe m'malo mwa atatu ndinakuonongerani aja."

Ndinayembekeza kuti mtima wanga ukondwe. Mlandu watha, ndapambana, nkhuku yanga ndi anapiye naini. Koma Edina, mwana uja ankafufuza mazira kuseri, anali atanjuta pafupi ndi Kameta, akuwerenga tianapiye ndi chala. Mazira sikisi amene sanadye. Mayi ake anamumana kuti kutsale mbewu, ndipo mbewuyo ikutsala kwa ine.

Ndinalowa m'kakhitchini, kutenga dengu lina lothyoka chogwirira, kuikamo udzu. Ndinamugwira Kameta, wopepuka ngati mtolo wa masamba ouma, n'kumuikamo ndi ana ake anayi. Ndinamanga pamwamba ndi chiguduli.

"Tengani."

"Amake Tadala, ayi..."

"Ndati tengani musanandipsetse mtima! Mukabwera sizoni ya mawa mudzandibwezere. Muzimupatsa madzi panjira. Ndipo musaganize kuti ndakukhululukirani."

Anasenza. Ndinawayang'ana akutsika pakati pa mizere ya tiyi mpaka nkhungu inawameza. Bambo anali pakhomo, anapiye asanu ali pa mapazi awo.

"Ine munandikaniza chigoba cha chimanga," anatero, "lero mwapereka ulere."

"Khalani chete."

"Sindikudandaula. Ndikungofuna ndimvetse."

"Mukamvetsa mudzandiuze nanenso."

Meyi

Tinakolola timatumba tosakwana kutchula. Mwa anapiye asanu, mmodzi anatengedwa ndi kabawi, wina anangofa. Atatu anakula, misoti iwiri ndi tambala, akuda onyezimira, oyenda pambuyo pa bambo mpaka pa geti ya fakitale.

Sizoni yotsatira ndinkayang'ana nkhope za olembedwa atsopano. Amake Edina sanabwere. Ndinafunsa anthu a ku Thekerani. Wina anati anatsatira amuna awo kutsidya, wina anati sakuwadziwa. Kaya Kameta anafika, kaya anafera m'dengu, kaya zidzukulu zake zikutakasa pa bwalo lina, sindidziwa.

Misoti yanga inayamba kuikira, mazira akuluakulu okongola. Koma nesi uja sanandiuze chinthu chimodzi: nkhuku zimenezi kukhalira sizikufuna. Imaikira n'kuchokapo ngati yaiwala kanthu kumsika. Ndinadikira mwezi, miyezi. Mazira ndili nawo, wofungatira ndilibe.

M'nyumba ya amake Edina munalowa banja lina, ndipo thadzi lawo linayamba kukhalira m'kakhitchini kawo. Tsiku lina ndinaweruka msanga. Mulayini munali zii. Ndinapezeka ndaima kuseri kwawo, mazira anayi ndawakulunga m'nsonga ya chitenje, maso ali pa chitseko. Chinali chomanga ndi waya, mfundo imodzi yokha, yosavuta. Mumtima mukuti: nkhuku siwerenga. Ndikawapempha akana.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndikumva manyazi amene amake Edina ankamva Loweruka lililonse.

Kenako ndinazungulira kumaso, n'kukhala pakhonde pawo ndi mazira anga pamiyendo, kudikira kuti aweruke.